Ndege ya Mphuno Yofiira

4 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni wochokera kuno kutawuni. Ine ndi mkamwini wanu tili bwino, kaya inu ndi malume? Malume, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera kalatayi, choncho moniyu mugawane.

Bambo, phukusi limene lafika ndi kalatayi musaligwetse, muli galasi. Ndi chithunzi chimene ndachipeza m'sitolo yogulitsa zinthu zakale. Ndi cha ndege za pa nthawi ya nkhondo, chakuda ndi choyera basi, chopanda mtundu wina uliwonse, monga zinkakhalira zithunzi zakale. Nditachiona ndinakumbukira mmene munkasiyira makina pakati pa msoko n'kuthamangira pabwalo ndege ikamadutsa, kasitomala atangoima ndi thalauza la mwendo umodzi.

Koma chenicheni chimene ndachigulira ndi munthu wina amene ali m'chithunzimo. Sindikuuzani. Mukamuona mumudziwa nokha.

Pali kanthu kena. Mayi wogulitsa makala uja anabwera kuno kudzaona mwana wake, ndipo anandiuza kuti munamudutsa pamsewu osamupatsa moni, kenako munakavulira chipewa mpope wa madzi. Kodi maso ali bwino? Mundiyankhe zoona.

Ndine mwana wanu.

12 Malichi

Mwana wanga wachisamba,

Ndine bambo ako amene ndikulankhula, koma dzanja ndi la malume ako. Ukaona chilembo chopindika usandinene ine. Ndawauza kuti alembe mawu anga monga akutulukira, osathira mchere, chifukwa anthu amene anagwirapo ntchito ku positi amaganiza kuti kalata iliyonse ndi yawo.

Ine ndili bwino kwambiri. Bondo lokha ndi limene likulosera mvula imene sikubwera.

Chithunzi chafika, galasi losasweka. Ndachipachika m'chipinda chosokera, pamwamba pa makina, pa msomali umene panali kalendala. Mwana wanga, unatengera maso a bambo ako. Ndege ija ya kutsogolo, ya mphuno yofiira ngati tsabola wakupsa, yandigwira mtima. Mapiko ake obiriwira aja akugwirizana bwino ndi thambo, ndipo thambolo ndi buluu weniweni, uja wa yunifolomu ya mwana wa sukulu isanaone sopo. Woyendetsa ndege wamanga kansalu kachikasu m'khosi. Ine ndakalambira pa nsalu, mitundu ndimaidziwa. Amene anasankha mitundu imeneyi si mwana.

Munthu wako uja ndamuona. Koma sindimutchula lero, kuti nawenso uphunzire kudikira.

Za mayi wa makala, lembani bwino apa alamu. Mpope uja ndinauvulira chipewa dala. Wandipatsa madzi zaka zonsezi ndipo sunakwerepo basi kukandinena kwa mwana wanga. Pakati pa awiriwa, woyenera ulemu ndani?

Maso anga ali bwino. Chavuta ndi dziko. Dzuwa la masiku ano likutuluka ngati lafunda neti, ndipo opanga singano achepetsa mabowo, kaya akusungira ndani. Ukapeza singano za mabowo aakulu unditumizire.

Usaganize kuti malume ako ndikuwalembetsa mwaulere. Ndawasokera malaya a buluu, a manja aatali, kuchokera ku zidutswa zabwino zimene ndinasunga m'dengu. Ndinadula ndekha, ndinasoka ndekha. Akuti akamayenda nawo mumsewu anthu akutembenuka, ena mpaka kutsika panjinga. Zaka zonsezi palibe amene anawatembenukirapo, ngakhale galu.

Ndine bambo ako, telala.

Ndalemba monga anenera. Za anthu otsika panjinga n'zoona. Malume ako.

20 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Malume,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti maso akuona mpaka kansalu ka m'khosi, koma yandisokoneza mutu.

Chithunzi chimene chili pakhoma panu si chimene ndinatumiza ine. Changa chinalibe mphuno yofiira, chinalibe thambo la buluu. Ndinachiyang'anitsitsa ndisanachikulunge. Ndiye kuti a ku ofesi ya mabasi anasinthanitsa maphukusi.

Dzulo ndinapita komweko. Kalaliki wolandira katundu anakanitsitsa, akuti tsiku limenelo phukusi la galasi linali limodzi lokha. Ndinamuuza kuti bambo anga si munthu wabodza, ndipo mitundu ya nsalu anayamba kuidziwa iyeyo asanabadwe. Mawu anakwera. Anthu anasiya mzere n'kutizungulira. Pomaliza ndinamutcha dzina limene sindingalilembe m'kalata yopita kwa makolo.

Chonde chikulungeni bwino muchibweze, kuti ndikamuikire patebulo pake aone yekha. Mwina mwini wake akuchifunafuna, ndipo chanu chili pakhoma la munthu wina.

Singano ndikufufuzabe.

Mwana wanu.

9 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yachedwa kundipeza. Malume ako akuti anaiika m'thumba la malaya atsopano aja, ndiye inadutsa n'kugwera pansi, anakaitola kwa wometa tsitsi. Ndawauza kuti thumba la telala wakale limafuna munthu wodziwa kulisunga.

Andiwerengera kuti ukufuna chithunzi chibwerere. Chifukwa chake sindinachimve bwino, popeza pamenepo anagwidwa chifuwa. Koma yankho langa ndi lalifupi. Sichibwerera. Kuyambira liti mwana amapatsa bambo ake chinthu n'kuchiitanitsanso? Ine ndinakulera, ndinakusokera diresi lililonse limene unavala kufikira la ukwati, kodi ndinaitanitsapo ngakhale batani?

Chithunzichi chandizolowera. M'mawa ndikatsegula chitseko ndimayamba ndachipatsa moni. Makasitomala masiku ano achepa, anthu akonda zovala zogula zosokasoka, ndiye ndimakhala pampando wanga n'kumachiyang'ana. Dzulo ndaona kuti kumbuyo kwa ndege kuli dzuwa likulowa, lofiirira ngati mkati mwa papaya. Tsiku lililonse chikutulutsa chatsopano. Chithunzi chabwino chimatero.

Kalaliki wa mabasiyo usamuope. Ngati wakulakwira, umuuze kuti bambo ako akadali moyo.

Bambo ako.

Iwe mwana wa mlongo wanga,

Bambo ako apita kukatunga madzi kwa bwenzi lawo lija, mpope, ndiye ndikulembere zanga msanga.

Pita ukamupepese kalaliki wa mabasi. Chithunzi ndi chomwecho, chakuda ndi choyera. Utoto wonse wathiridwa ndi pakamwa panga.

Bambo ako sakuona. Maso onse awiri achita ng'ala. Amaona kuwala kwa pakhomo ndi mthunzi wa munthu, basi. Makasitomala sanathawire zovala zogula, anathawa thalauza lakuda losokedwa ndi ulusi woyera. Ndinawauza za chipatala kangapo, anandiyankha kuti munthu wovala magalasi ngati ine asamaphunzitse ena za maso.

Tsiku limene phukusi linafika, powerenga kalata yako ndinadumpha mawu oti chakuda ndi choyera, kuti ndione achita chiyani. Anachigwira chadodolido, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, tiyeni ndikuyeseni ngati magalasi anuwo ali ndi ntchito. Mukuonapo chiyani apa?" Ine ndinati mphuno yofiira. Iwo anati, "Mwakhoza." Ndinati mapiko obiriwira. Anati, "Mukuyesetsa." Kuyambira pamenepo amandiyesa m'mawa uliwonse, ndipo utoto ukundithera. Dzulo ndinagwira papaya chifukwa ndi amene anali pafupi.

Ndimafuna uwamve wekha akudzikola ndi pakamwa pawo, poti ine ndekha sandimvera. Sindinadziwe kuti ukaluma munthu wosalakwa. Funsa za dokotala wa maso kumeneko. Koma samala, bambo akowa sakankhidwa. Amayi ako, malemu mlongo wanga, akafuna kuti apite kumanja ankawauza kuti kumanja kulibe njira.

Malume ako.

18 Epulo

Malume,

Gawo loyambali ndi lanu, musaliwerenge mokweza, ndipo musagwidwe chifuwa.

Mwandichititsa manyazi. Ndapita kukapepesa, kalaliki uja wandiseka mpaka kugwetsa chidindo. Koma zikomo pondiuza. Ndalira, kenako ndaseka, kenako ndapita kuchipatala. Dokotala akuti ng'ala imachotseka, ndipo ntchito yake siitenga nthawi, koma tisachedwetse. Wandipatsa tsiku kumayambiriro kwa Meyi. Tsopano mundithandize. Munthu uja wa m'chithunzi musawauze, ndipo muuze onse a mumsewu kuti asawauze. Werengani kuyambira apa.

Okondedwa Bambo,

Moni. Mwapambana, chithunzi chikhale. Ndinalakwa kuchiitanitsa.

Kuno kuli dokotala wa maso amene anthu akumutama. Sindikunena kuti maso anu ali ndi vuto. Koma mkamwini wanu akulimbikira kuti munthu uja simunamuone, mukungonamizira. Ine ndamuuza kuti bambo anga amaona nsabwe ili pa jekete lakuda. Takangana mpaka tapangana chonchi. Mutiuze chimene munthuyo wagwira m'manja. Mukalondola, za dokotala sitidzazitchulanso, ndipo mkamwini wanu adzabwera kudzakupepesani atagwada. Mukaphonya, mukwera basi. Malume ndiwo woweruza.

Musandichititse manyazi pamaso pa mwamuna wanga.

Mwana wanu.

27 Epulo

Mwana wanga,

Moni kwa iwe. Kwa mwamuna wakoyo moni ndiusunge kaye.

Ndikuuze mmene msewu uno wasandukira wa anthu abodza. Ine yankho ndinali nalo, koma munthu wamkulu sathamanga. Ndinati ndiyambe ndayesa anansi, ndione ngati m'dera muno mukadali maso.

Ndinayamba ndi wometa tsitsi. Ndinamuitanira tiyi, ndinamuimika patsogolo pa chithunzi, ndinati, "Achimwene, pali munthu apa amene mwana wanga akumukonda. Tanenani wagwira chiyani, ndione ngati makutu a anthu ali otetezeka m'manja mwanu." Iye anati, "Aaa, madala, mukutanthauza uyu wagwira lumo, akumeta woyendetsa ndegeyu?" Ndinati amalize tiyi azipita.

Kenako anabwera mayi wa makala, mnzako uja. Anati, "Atelala, si uyu wasenza thumba la makala, akukathira mu injini?" Ndinamufunsa ngati anaonapo ndege yoyendera makala. Anati pa nkhondo mafuta ankasowa.

Wosoka nsapato anaona munthu atagwira nsapato. Wokonza njinga anaona pampu, akuti tayala la ndege laphwa. Aliyense akulowa m'chipinda changa, akumwa tiyi wanga, n'kudziona yekha pakhoma langa. Ndipo potuluka onse akumagwidwa chifuwa chija cha malume ako. Matendawa afala.

Ndinakhala pansi n'kulingalira. Ndinati ngati wometa waona lumo, wa makala waona makala, kapena ine ndinene singano. Koma ndinadziletsa. Ndege ndi chitsulo, nkhondo ndi moto, telala akafunako chiyani? Ine si wa gulu la anthu odziona okha pakhoma.

Ndiye yankho langa ndi ili. Lembani ndi zilembo zazikulu, alamu. Munthuyo wagwira MFUTI.

Malume ako aika cholembera pansi, akuti ndiyambe kulongedza chikwama. Ndawauza kuti woweruza wovala malaya a mphatso samayenera kuweruza chonchi. Akuti malayawo ndiwo awalimbitsa mtima.

Chabwino. Ine pangano sindithyola. Ndibwera. Koma umve bwino, sindikubwerera dokotala. Ndikubwera kudzaona makatani a m'nyumba mwako, amene ndamva kuti anasokedwa ndi munthu wosadziwa kupinda m'mphepete. Dokotalayo akapezeka panjira, ndimulola ayang'ane, aphunzire mmene maso abwino amaonekera.

Alamu, apa imani, izi musalembe. Ine ndikuopa. Si mpeni ayi, telala saopa chodulira. Koma ndimadziwa kuti nsalu ukaidula molakwa siibwerera. Panopa ndimaona kuwala kwa pakhomo, ndimadziwa kuti mwalowa ndinu chifukwa mthunzi wanu ndi wopendekera. Akandichotsera ndi kochepako, ndidzakhala mtolo pakhonde la mwana wanga, wondisuntha dzuwa likafika. Mphuno yofiira ija ndimaiona inu mukainena, mukachoka imapita nanu. Basi, tengani cholembera, tipitirize.

Chinthu chimodzi ndikulamula. Chithunzi ndibwera nacho. Ngati dokotalayo andigwira m'maso, pochotsa nsalu yake chinthu choyamba kuima patsogolo panga chikhale chimenechi. Osati iwe, osati mwamuna wako. Ndikufuna ndikuonetseni mfutiyo ndi chala.

Bambo ako.

Pena anati ndisalembe, koma khutu langa la kumanzere silimva bwino. Ndiwakweza basi ya Lachiwiri m'mawa, ukawachingamire. Chithunzi ndachikulunga m'malaya anga atsopano aja kuti galasi lisasweke. Usawataye, ndipo pa tsikulo akhale pafupi. Malume ako.

8 Meyi

Alamu,

Moni wochokera kutawuni. Lero dzanja ndi la mwana wanga. Iyeyu amalemba msanga kuposa inu, ndipo sapumira m'khutu mwanga. Kaya mpope uli bwanji? Makina anga mwawafunditsa?

Ndikuuzeni zonse mwadongosolo, kuti mudziwe mlandu umene ukukudikirani.

Dokotala wake ndi mayi wachitsikana, wolankhula pang'onopang'ono. Anayamba ndi diso la kumanja. Ndisanamalize kumufotokozera mmene amagwirira sizasi, anati watha. Ndinamufunsa kuti wasoka ndi ulusi wanji. Anati sanasoke. Mumtima ndinati ndapita, ntchito yosasoka ndi ntchito?

M'mawa mwake anandikhazika pampando. Mwana anamasula phukusi lanu, anaima patsogolo panga atagwira chithunzi pafupi ndi nkhope yanga monga ndinalamulira. Dokotala anamatula bandeji. Poyamba kunali kuwala kokhakokha ndi misozi. Kenako, alamu, mizere inayamba kubwera. Ndinaona felemu. Ndinaona phiko, tayala, ngakhale timisomali ta pa chitsulo. Ndinathamangitsa diso kumphuno.

Mphuno yotuwa.

Ndinayang'ana mapiko, otuwa. Thambo, lotuwa. Kansalu ka m'khosi, koyera. Ndinakweza diso pamwamba pa felemu, khoma loyera. Ndinayang'ana kumbali, chovala cha dokotala choyera.

Ndinati, "Adokotala, zikomo, mwayesetsa. Koma ntchito mwaisiyira panjira."

Anati, "Bwanji, agogo? Simukuona?"

Ndinati, "Ndikuona, koma mitundu mwaitaya. Mwina inatuluka pamodzi ndi ng'ala ija. Tayang'anani m'mbale yanu musanaitsuke. Ndinakuuzani kuti musoke."

Chithunzi chinayamba kugwedezeka. Ndinati kapena diso likuvina, osadziwa kuti ndi mwana wanga akuseka kumbuyo kwake. Ine ndikulira maliro a mitundu, telala wopanda mitundu adzadya chiyani, iye akuseka. Ndinatembenuka kuti ndisamuone, ndipo diso langa linagwera pampando wa pambali.

Alamu, pampandopo panali chinthu.

Dzanja limodzi lachikasu, lina lobiriwira. Kutsogolo mbali imodzi buluu, mbali inayo maluwa ofiira a katani. Kolala ya pinki. Msana wa mizeremizere ngati matiresi. Ulusi woyera paliponse, ukuyenda ngati nkhuku yoledzera. Thumba lopanda pansi. Mitundu yonse ya padziko inali pamenepo, ikumenyana.

Ndinaiwala kuti ndimalira. Ndinati, "Ndani anasoka zonyansazi? Telala ameneyu amulande makina."

Mwana anangozitenga n'kundiika m'manja. Ndinazitembenuza kunsi, ndinapapasa m'khwapa, pamene ine ndimabwereza msoko kawiri n'kumanga mfundo yanga ija. Zala zinadziwa diso lisanavomere.

Dokotala anati, "Ndiye mitundu yabwerera, agogo?"

Ndinati, "Yabwerera yambiri. Ina mukanaisunga."

Tsono inu alamu, munthu wophunzira, wopuma ntchito ya positi, munavala chinthu chimenechi kupita nacho kumsika? Munakhala nacho pa misonkhano? Miyezi iwiri anthu akutsika panjinga, inu osanena kanthu, m'mawa uliwonse kumabwera nacho kudzandiuza kuti kolala yakhala bwino? Ndaganiza usana wonse kuti ndikutcheni chiyani, wabodza kapena m'bale, ndipo sindinapeze dzina lokwana zonse ziwiri.

Tsopano za chithunzi. Mwana wandiululira mzere umene munaudumpha. Titabwerera kunyumba ndinachiimika pawindo, ndinakhala nacho ndekha. Mfuti mulibe, zimenezo tisazikambenso.

Ndinkaganiza kuti chakuda ndi choyera ndi mitundu iwiri. Ayi ndithu. Pakati pake pali kutuwa kwa mitundumitundu, kuposa nsalu za masuti zonse zimene ndinagwirapo. Utsi wakutali uli ndi kutuwa kwake, kolemera ngati bulangete. Mitambo ili ndi kwake, kopepuka. Matope a pansi pa matayala akunyezimira, ukuchita kudziwa kuti mvula yangosiya kumene. Kumwamba kuli ndege zitatu zazing'ono ngati udzudzu, ndipo amuna onse ali pabwalopo akweza nkhope kuziyang'ana. Sukudziwa ngati zikupita kapena zikubwerera, ndipo nkhope zawozo zikuoneka kuti nawonso akuwerenga ngati zakwana.

Onse ayang'ana kumwamba kupatula mmodzi.

Ali pansi pa phiko la ndege yaikuluyo, chakumchira, wakhala pa bokosi. Wapinda manja a malaya. Pamwamba pake, pa phikopo, pali bowo, ndipo iye wagwira singano yaikulu yokhota, ulusi wina wauluma pakamwa. Akuika chigamba, alamu. Mwana akuti wogulitsa chithunzi anamuuza kuti ndege zina zakale zinkakutidwa ndi nsalu yolimba m'malo ena. Ine zaka zonsezi ndinkathamangira pabwalo kukaona chitsulo, osadziwa kuti mukudutsa ntchito ya anzanga.

Ndipo woyendetsa ndege uja, wa kansalu m'khosi, waima pambali manja ali m'chiuno, akudikira. Kaimidwe kameneko ndimakadziwa. Ndi ka kasitomala wa thalauza la mwendo umodzi. Nkhondo yonse yaima mpaka telala amange mfundo.

Chala chake chapakati wachipinda monga ndimapindira ine. Ulusi wautalitsa pang'ono, ukhoza kumukola, koma poti kunali nkhondo ndamukhululukira.

Ndaganizanso izi. Mphuno ija ikanakhaladi yofiira, diso likanathamangira komweko n'kukhazikika, munthu wa pa bokosiyo osamuona. Wojambula anadziwa chimene ankachita. Inu ndi utoto wanu munandibisira telala.

Diso la kumanzere alichita mwezi wamawa. Tsiku ndasankha ndekha, palibe wandikankha, ndipo ndamuuza dokotala kuti akhoza kupitiriza osasoka. Koma mpaka tsikulo ndili ndi mwayi umene inu mulibe. Ndikatseka diso latsopanoli n'kuyang'ana ndi lakale, ndege yanu ikadalipo, mphuno yofiira, thambo la buluu, papaya kumbuyo. Ndikatsegula, telala wanga ali pa bokosi. Zithunzi ziwiri m'felemu imodzi. Choncho musayende mumsewu n'kumati munandipusitsa.

Uzani wometa tsitsi, wa makala, wa nsapato ndi wa njinga kuti tiyi wanga ndikumukumbukira. Uzani mpope kuti chipewa ndidzauvulirabe, poti pa onsewo ndi wokhawo sunaname.

Malaya aja sabwerera. Ndikafika mubwere ndidzakuyezeni bwinobwino. Nsalu ndagula kale. Ndi yotuwa.

Ndine mlamu wanu, telala.

Malume, makatani anga awamasula onse, akuti m'mphepete ndi mokhota. Pali china anati ndisalembe, choti malaya anu awapinda bwino n'kuwaika pansi pa pilo wawo, ndipo mkamwini wawo atafuna kupukutira nawo galimoto anatsala pang'ono kumulasa ndi singano. Koma makutu ndinatengera kwa inu.